Asilikali a M'chiberekero ndi Mlendo Wawo

Palibe munthu wamkulu wokhala m'komboni ya Bauleni mu Lusaka, ngakhale amene sanapondeko pakhomo la sukulu, amene sadziwa kuti m'thupi mwa munthu muli asilikali. Mawu amenewa adalowa m'nyumba zathu m'zaka zowawa zija pamene maliro ankatsatana tsiku ndi tsiku pa msewu wa Leopards Hill, ndipo adakhazikika kwenikweni kuyambira 2004, pamene makiliniki a m'makomboni a Lusaka adayamba kupereka ma ARV; pakuti kuyambira pamenepo agogo ogulitsa tomato pamsika ndi mnyamata woitanira minibasi adaphunzira kufunsa kuti CD4 yafika pati, namvetsa kuti asilikali akachepa matenda amalowa monga afunira.

Chiphunzitso chimenecho n'choona, ndipo chapulumutsa miyoyo yosawerengeka. Asilikali amenewa ndi maselo, ndiko kunena tizigawo tamoyo tating'onoting'ono timene thupi lonse lidamangidwa nato, tosaoneka ndi maso pokhapokha pa makina okulitsa zinthu. Ndipo ntchito yawo yaikulu ndiyo kusiyanitsa chimene chili chathu ndi chimene chili chachilendo. Munga ukalasa phazi n'kuthyokera momwemo, malowo amatupa, amatentha, nachita mafinya, ndipo mafinyawo kwakukulu ndi mitembo ya asilikali amene adathamangira kukalimbana ndi tizilombo tolowa ndi mungawo. Sayang'ana nkhope, sadziwanso mphatso. Madokotala a ku University Teaching Hospital (UTH) adaika impso ya munthu wina mwa wodwala kwa nthawi yoyamba m'Zambia m'chaka cha 2018. Koma aliyense wolandira impso yotere, ngakhale yoperekedwa ndi mbale wake mwachikondi chonse, ayenera kumwa mankhwala ofooketsa asilikali masiku onse a moyo wake, apo ayi thupi lidzaikana.

Tsono taonani chodabwitsa chimene timachipitirira tsiku lililonse osachiona. Mayi woyembekezera amene wakhala pa benchi ya kiliniki ya Bauleni, khadi la sikelo lili m'manja, wanyamula m'thupi mwake munthu amene theka la chibadwa chake ndi la mwamuna wa fuko lina ndi magazi ena, kapena wa ku Petauke pamene mayiyo ndi wa ku Mongu. Ndipo amunyamula miyezi 9 yathunthu, osamwa piritsi ndi limodzi lomwe lofooketsa asilikali, thupi lake osamukana. Ngakhale kumene madokotala amatenga dzira la mkazi wina n'kuliika mwa mkazi amene sali naye pachibale, mwana amakula ndithu. Kodi asilikali aja amakhala ali kuti? Amagona kodi, kapena amanyengedwa, kapena amatsekeredwa kunja? Yankho limene akatswiri afikapo ndi lakuti asilikaliwo alipo, ali maso, achuluka m'chiberekero koposa nthawi ina iliyonse, ndipo ndiwo amene amathandiza kuti mimba ikhazikike bwino.

Funso la Medawar

Amene adaliika funso limeneli poyera ndi Peter Medawar, katswiri wa ku Britain wobadwira ku Brazil m'chaka cha 1915. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iye adafufuza chifukwa chimene khungu lotengedwa kwa munthu wina linkakanira kumera pa mabala a anthu opsa ndi moto, ndipo adapeza kuti thupi limalizindikira khungulo kuti n'lachilendo, nililoweza pamtima, kotero kuti likaikidwanso kachiwiri lochokera kwa munthu yemweyo limafa msanga koposa poyamba. Ntchito yake pa nkhani zotere idamupatsa mphoto ya Nobel m'chaka cha 1960. Koma kusanafike kumeneko, m'chaka cha 1953, adali atafunsa kale kuti ngati khungu la mwamuna silingamere pa mkazi wake, mwana wa mwamunayo amamera bwanji mwa mkazi yemweyo. Ndipo adapereka njira zitatu zimene ankaganiza kuti yankho lingapezekemo: kuti kapena pali khoma lolekanitsa mayi ndi mwana, kapena mwana wosabadwa alibe zizindikiro zoti asilikali amudziwire, kapena asilikali a mayi amafooka pa nthawi ya pakati.

Mayankho atatuwa adatsogolera ofufuza zaka zambiri, koma lililonse lidapezeka loperewera. Mwana ali nazo zizindikiro zake kuyambira ali wamng'ono zedi, ndipo m'magazi a amayi ambiri amene abereka kangapo mumapezeka umboni wakuti asilikali awo adaziona zizindikiro za bambo wa anawo nazikumbukira. Asilikali a mayi safookanso monga ankaganizira, ndipo umboni wake uli pafupi: katemera wa kafumbata amene anamwino amabaya amayi ku sikelo sakadagwira ntchito akadakhala kuti asilikali ali m'tulo, koma amagwira, ndipo chitetezo chimene mayi wapanga chimawolokera kwa mwana n'kumusunga m'masabata ake oyamba. Za khoma zokha ndizo zili ndi choonadi chake pang'ono, pakuti magazi a mayi ndi a mwana sasakanikirana. Komabe khomalo silili monga Medawar ankaliganizira, chifukwa pali malo amene maselo a mbali ya mwana amalowa m'kati mwenimweni mwa mnofu wa mayi, nakhudzana ndi asilikali ake maso ndi maso.

Zochitika m'masabata oyamba

Dzira la mkazi likakumana ndi mbewu ya mwamuna m'njira yochokera kosungira mazira, limayamba kugawikana likutsikira m'chiberekero, ndipo pakatha masiku 6 kapena 7 limamata pakhoma lake. Pa nthawi imeneyo mluza uli ndi magulu awiri a maselo: la m'kati, limene lidzakhala mwana, ndi la kunja, limene madokotala amalitchula trophoblast, lomwe lidzakhala nsengwa, imene ena amati nsapo, chija chimatuluka pambuyo pa mwana tsiku lobadwa. Tiyenera kugwiritsa mfundo imeneyi, pakuti zonse zotsatira zatsamira pa iyo: asilikali a mayi sakumana ndi mwana mwini wake, koma amakumana ndi maselo a nsengwa, amene chibadwa chawo n'chimodzimodzi ndi cha mwanayo, theka la mayi ndi theka la bambo.

Chiberekero nachonso sichidzidzimuka ndi kufika kwa mluza. Mwezi ndi mwezi, dzira likangotuluka, homoni yotchedwa progesterone imachulukira m'magazi a mkazi, ndipo mnofu wofewa woyala m'kati mwa chiberekero umakhuthala, nusandulika, nudzaza ndi asilikali a mtundu wapadera, ngakhale mimba isanakhalepo. Mimba ikapanda kubwera, asilikaliwo amafa, mnofuwo nuyoyoka, ndiwo msambo umenewo. Ikabwera, mnofuwo umapitiriza kusandulika, ndipo umatchedwa decidua. M'miyezi itatu yoyamba pafupifupi selo limodzi mwa atatu alionse a m'menemo ndi msilikali.

Ndani ali m'menemo

Ofufuza atawawerenga asilikali amenewa adapeza kuti sali monga a m'magazi. Pafupifupi 7 mwa 10 alionse ndi a mtundu wotchedwa natural killer, mwachidule NK, amene m'magazi ndi ochepa ndithu. Mtundu umenewu udadziwika m'chaka cha 1975, pamene Rolf Kiessling ndi anzake a ku Stockholm, ndiponso Ronald Herberman wa ku America, adapeza maselo okhoza kupha selo la khansa popanda kuphunzitsidwa kaye. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudadziwika kuti maselo odzaza m'chiberekero cha mayi wapakati, amene akatswiri akale ankawaona pa makina awo osadziwa kuti ndani, ndi a banja lomwelo. Ndipo Ashley Moffett ndi Charlie Loke a ku yunivesite ya Cambridge adatha zaka zambiri akuwafufuza. Chimene chidapezeka n'chakuti a NK a m'chiberekero, ngakhale ali nazo zida zophera m'kati mwawo, sazigwiritsa ntchito pa maselo a nsengwa. M'malo mwake amatulutsa timadzi tonyamula mauthenga, tina toitana maselo a nsengwa kuti alowe, tina tofewetsa makoma a mitsempha ya magazi, tina tolimbikitsa mitsempha yatsopano kumera. Amachuluka kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mimba ikapitirira theka amayamba kuchepa, ntchito yawo yaikulu itatha.

Gulu lachiwiri, pafupifupi 2 mwa 10, ndi la maselo odya zinyalala, otchedwa macrophage. Pamene chiberekero chikuphwasulidwa ndi kumangidwanso mofulumira chotero, maselo ambiri amafa, ndipo zotsala zawo zikadasiyidwa zikadautsa kutupa. Odya zinyalalawa amazimeza mwakachetechete, nakhalanso alonda oletsa tizilombo tokwera kuchokera kunjira ya chiberekero.

Otsalawo ndi maselo a mtundu wa T, abale a CD4 amene tonse timawadziwa, ndipo pakati pawo pali kagulu kochepa koma kolemekezeka, kamene ntchito yake ndiyo kuletsa anzawo kuchita nkhondo yosayenera. Kagulu kameneka kadafotokozedwa bwino ndi Shimon Sakaguchi wa ku Japan m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2025 iye pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. M'chaka cha 2004 ofufuza a ku Cambridge adayesa kuwachotsa maselo oletsa nkhondowa mwa mbewa zoweta, ndipo adaona kuti mbewa zimene zidatenga bere kwa yaimuna ya mtundu wina zidataya ana, pamene zimene zidatenga kwa yaimuna yofanana nazo chibadwa zidabereka bwinobwino. Pamenepa padaoneka poyera kuti mtendere wa m'chiberekero suli wangozi, koma pali amene amaugwira ndi manja.

Ntchito ya pa mitsempha

Tafika tsopano pa phata la nkhani yonse, ndipo owerenga andilole ndichedwepo. M'khoma la chiberekero muli timitsempha tambiri topotanapotana tobweretsa magazi, ndipo mwa mkazi amene alibe pakati timitsempha timeneti ndi topapatiza, tokhala ndi minofu m'makoma mwake imene imatha kutifinya kapena kutimasula monga thupi lafunira. Timitsempha totere sitingathe kudyetsa mwana wa makilogalamu atatu, pakuti kumapeto kwa mimba chiberekero chimafuna magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo pa mphindi iliyonse, ndipo magaziwo ayenera kufika mofatsa, osati mothamanga, kuti asawononge timizu tanthete ta nsengwa timene timayamwa chakudya ndi mpweya m'menemo. Chotero mitsemphayo iyenera kumangidwanso, ndipo amene amayamba ntchitoyi ndi a NK pamodzi ndi odya zinyalala aja, amene amazungulira mtsempha uliwonse n'kuyamba kumasula minofu yake. Pambuyo pake maselo a nsengwa, atachoka kunsonga za timizu tija n'kuboola mnofu wa mayi, amafika pa mtsemphawo, nalowa m'makoma mwake, nachotsa minofu yotsala, mpaka mtsempha umene udali wopapatiza usanduka wotakasuka, wosathanso kufinyika ngakhale mayi atachita mantha kapena kutopa.

Pali chinanso chimene chidadabwitsa ofufuza. M'masabata 10 oyamba kapena kuposerapo pang'ono, maselo a nsengwa amatseka dala kukamwa kwa mitsempha imeneyi, kotero kuti magazi a mayi safika kwenikweni pa nsengwa. Mluza umakula m'malo a mpweya wochepa, ukudya timadzi totuluka m'mnofu wa chiberekero, chifukwa pa msinkhu umenewo mpweya wa okosijeni wochuluka ungauwononge. Cha m'masabata 10 mpaka 12 zotsekazo zimamasuka, magazi nayamba kuyenda, ndipo ntchito yokulitsa mitsempha imapitirira mpaka cha m'masabata 20. Anne Croy wa ku Canada ndi anzake adasonyeza kuti mbewa zopanda a NK m'chiberekero, ngakhale zimabereka, mitsempha yake imatsala yopapatiza ndi yokhuthala makoma.

Makolo athu a ku Chipata ndi Katete akadaimvetsa msanga nkhani imeneyi, pakuti ndi mmene ankachitira ndi mkamwini. Mnyamata wochokera kumudzi wina akafika kudzakhala kwa mkazi wake, eni mbumba sankamuthamangitsa chifukwa chakuti ndi mlendo, popeza ankadziwa kuti mudzi sukula popanda iye. Koma sankamulekereranso kuti alime paliponse pamene khasu lake lafika. Ankamulandira, namuonetsa munda, namuthandiza kuswa mphanje, namuonetsanso malire. Akamupatsa kamunda kochepa ana ake ankagona ndi njala, ndipo akamusiya wopanda malire ankalowerera minda ya eni mudzi. Momwemonso maselo a nsengwa akalowa pang'ono, mwana amaperewera chakudya. Akalowa mopyola, mayi ali pangozi. Ndipo mnofu wa decidua ndi asilikali ake ndiwo amayesa pakati.

Kuopsa kwa kulowa mopyola timakuona pamene mluza wamata pa malo opanda mnofu umenewu. Ukamata m'njira ya dzira osafika m'chiberekero, maselo a nsengwa amaboola khoma lopyapyala la njirayo mpaka liphulika, mayi nataya magazi m'kati mwa mimba. Ukamata pa chipsera cha opaleshoni ya mwana wam'mbuyo, pamene mnofuwo sudamerenso bwino, nsengwa imatha kuzika mizu mpaka m'minofu ya chiberekero, n'kukana kutuluka mwana atabadwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mayi amene adachitidwapo opaleshoni amauzidwira kuti akachire kuchipatala chachikulu.

Zizindikiro za bambo ndi matenda a BP

Nanga a NK amadziwa bwanji kuti maselo a nsengwa afika, ndi kuti awalole mpaka pati? Pafupifupi selo lililonse la munthu lili ndi zizindikiro pamwamba pake, zotchedwa HLA, zimene zimasiyana munthu ndi munthu, ndipo ndizo zimachititsa kuti impso ya wina ikanidwe. Nsengwa imachita mwanzeru ndi zizindikiro zimenezi. Mbali yake imene imasambitsidwa ndi magazi a mayi ilibe chizindikiro ndi chimodzi chomwe. Ndipo maselo aja olowa m'mnofu wa mayi amabisa mitundu iwiri imene imautsa nkhondo koposa, HLA-A ndi HLA-B, naonetsa ina yofatsa, monga HLA-G, imene siisiyana kwenikweni pakati pa anthu. Chimodzi chokha mwa zimene amaonetsa ndicho chimasiyanasiyana kwambiri, ndicho HLA-C, ndipo mwa icho a NK a mayi amamva dzanja la bambo. Iwo ali ndi timanja tofufuzira, totchedwa KIR, tina towauza kuti agwire ntchito mwamphamvu, tina towauza kuti aleke. Ndipo mayi aliyense adatengera kwa makolo ake mtundu wakewake wa timanja timeneti.

M'chaka cha 2004 gulu la Moffett lidalengeza kuti mayi amene timanja take n'tochuluka toletsa, akanyamula mwana wa chizindikiro cha mtundu wotchedwa C2, amakhala pangozi yokulirapo ya matenda a pre-eclampsia, chifukwa a NK ake amaletsedwa mopyola ndipo mitsempha siikulitsidwa mokwanira. Pambuyo pake adapezanso kuti kumene timanja tolimbikitsa tapambana, ana amabadwa olemererapo, chimene chili chabwino mpaka pamene mutu wa mwana ukula kuposa njira yotulukira. Ndipo popeza anthu a mu Africa ndiwo ali ndi mitundu yambiri ya zizindikiro ndi timanja timeneti koposa anthu ena onse pa dziko, Annettee Nakimuli wa ku yunivesite ya Makerere adafufuza amayi oposa 700 pa chipatala cha Mulago mu Kampala, ndipo m'chaka cha 2015 iye ndi anzake adasonyeza kuti pali mtundu wa KIR woteteza ku matendawa umene umapezeka mwa amayi a mu Africa koma osati mwa a ku Ulaya. Ntchito ya mayi ameneyu ndi yoyenera ulemu waukulu, pakuti idaonetsa kuti za matupi a amayi athu sitingangozibwereka kwa ofufuza a kutali.

Pre-eclampsia ndiyo ija amayi a ku Bauleni amangoti BP ya pamimba. Kuyambira 1972, pamene Ivo Brosens ndi anzake adayang'ana mitsempha ya m'chiberekero cha amayi odwala matendawa naipeza yopapatiza, kwadziwika kuti muzu wake kawirikawiri uli m'masabata oyamba, ngakhale amaonekera mimba itapyola masabata 20. Nsengwa yosalandira magazi mokwanira imavutika, nitulutsa zinthu zimene zimadwalitsa mitsempha ya thupi lonse la mayi: magazi amathamanga kufika pa 140/90 kapena kupitirira, impso zimayamba kutaya mapuloteni mu mkodzo, nkhope ndi manja zimatupa, mutu umawawa kosalekeza, maso amachita chidima, pansi pa nthiti za kumanja pamapweteka, ndipo pamapeto pake mayi amatha kugwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Kafukufuku wa dziko lonse wa Zambia wa 2018 adapeza kuti amayi 252 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndipo pamodzi ndi kutaya magazi, matenda a BP ali m'gulu la zoyamba zowapha. Mankhwala a magnesium sulphate, amene kafukufuku wamkulu wa m'maiko 33 adatsimikiza m'chaka cha 2002 kuti amachepetsa kuphuphako ndi theka ndi kupitirira, amagwira mayi kuti asagwe. Koma chochiza chenicheni ndi kutuluka kwa nsengwa, ndipo n'chifukwa chake madokotala nthawi zina amachiritsa mayi masiku asanakwane.

Pano ndiyenera kunena mawu amodzi mosabisa. Pamene tanena kuti chizindikiro cha bambo chili ndi mbali m'matendawa, tisatenge mawuwo kukhala ndodo yomenyera munthu. Palibe mwamuna amene adasankha HLA yake, palibenso mkazi amene adasankha KIR yake. Mabanja ambiri okhala ndi mitundu imene tatchulayi amabereka popanda vuto, ndipo pali zinanso zokulitsa ngoziyo, monga mimba yoyamba, mapasa, matenda a shuga, kunenepa kwambiri, ndi BP imene mayi adali nayo kale. Mayi akaphupha pa nthawi yochira, si umboni wakuti iye kapena mwamuna wake adayenda njira zoipa, monga ena amanenera pa khonde la chipatala. Ndi mitsempha imene siidakule miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi m'mbuyomo.

Malungo obisala mu nsengwa

Mtendere umene nsengwa imakhala nawo uli ndi mtengo wake, pakuti adani ena adaphunzira kubisalamo. M'chaka cha 1996 Michal Fried ndi Patrick Duffy, akugwira ntchito kumadzulo kwa Kenya, adapeza kuti tizilombo ta malungo timachititsa maselo ofiira a magazi kumata pa nsengwa, pamalo pamene chitetezo chimene mkazi adapanga kuyambira ubwana sichiwadziwa. Ndipo n'chifukwa chake wa mimba yoyamba amavutika koposa amene wabereka kangapo. Ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre, Stephen Rogerson ndi anzake adaona kuti asilikali akakhamukira mu nsengwa kukalimbana ndi malungowo, ana amabadwa ochepa thupi ndipo amayi amachepa magazi. Malawi ndilo dziko loyamba kupereka Fansidar kwa amayi apakati monga chotetezera, m'chaka cha 1993, ndipo Zambia imachitanso chimodzimodzi, kuyambira mimba itakwana masabata 13, kupatula kwa amene akumwa kale Septrin tsiku ndi tsiku. Mu Lusaka malungo ndi ochepa, koma mayi wa ku Bauleni amene akwera basi kupita kumaliro ku Petauke kapena ku Luapula nthawi ya dzinja asaiwale neti.

Miyezi imene timabisa

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo palibe pamene mawuwa amaonekera kukhala oona koposa pano. Komabe miyezi imene asilikali a m'chiberekero amagwira ntchito yawo yaikulu ndi yomweyo imene mwambo wathu umati mimba isatchulidwe. Mkazi amabisa poopa maso a anthu oipa mtima, kapena podikira kuti alangizi abwere adzamulange, kapena chifukwa cha manyazi chabe. Ndipo kafukufuku uja wa 2018 adapeza kuti amayi osakwana 4 mwa 10 ndiwo ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba, ngakhale bungwe la World Health Organization lidalangiza m'chaka cha 2016 kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanapyole. Ine sindinyoza mwambo wosunga chinsinsi, pakuti uli ndi chifundo chake: pafupifupi mimba 15 mwa 100 zilizonse zodziwika zimapita padera, zambiri m'miyezi yomweyi, ndipo mkazi amene sadalengeze sakhala ndi ntchito yofotokozera komboni yonse chisoni chake. Koma kubisira oyandikana nawo nyumba ndi kwina, kubisira namwino ndi kwinanso.

Za kupita padera tinenenso ichi, kuti mitima ya ena ipepuke: pafupifupi theka la mimba zotayika msanga zimatayika chifukwa chibadwa cha mluza chidasokonekera pogawikana, chinthu chimene palibe adachichita ndipo palibe akadachiletsa. Si kuti thupi la mayi lidamukana mwana monga limakanira impso. Ndipo amene amagulitsa mabotolo m'misika ndi pa foni, nanena kuti amawonjezera asilikali kuti mimba igwire, akugulitsa chimene sakuchidziwa. Monga taonera, chofunika m'chiberekero si kuchuluka kwa mphamvu ya nkhondo koma muyeso woyenera. Ngakhale m'maiko olemera muli zipatala zimene zimayeza a NK a m'magazi a pamkono n'kupereka mankhwala odula owafooketsa, koma a m'magazi ndi a m'chiberekero ndi osiyana, ndipo Moffett mwini wake wakhala akuchenjeza kuti mchitidwe umenewu ulibe umboni.

Namwino wa ku sikelo alibe mphamvu yolamulira a NK, koma ali nazo zambiri zochotsa zopunthwitsa pa njira yawo. Amayeza chindoko, chimene chimawoloka nsengwa n'kupha mwana m'mimba koma chimachizika ndi jekeseni ya penisilini. Amayeza HIV, kuti ma ARV ayambe msanga. Amapereka mapiritsi owonjezera magazi. Amalemba BP ya mayi isanayambe kusintha, kuti ikadzakwera adzadziwe pamene idachokera. Ndipo akaona chokayikitsa amamutumiza msanga kuchipatala chachikulu, kufikira ku Women and Newborn Hospital ya ku UTH. Mayi amene adadwalapo BP pa mimba yam'mbuyo, kapena amene ali ndi shuga, matenda a impso, kapena mapasa, anene zimenezi pa ulendo woyamba womwewo, pakuti kwa otere dokotala amalemba asipulini wa mlingo wochepa womwa kamodzi patsiku, pamodzi ndi kashiamu kumene chakudya chili chopanda mkaka. Ndipo asipuliniyo amathandiza kwambiri akayambidwa masabata 12 atangokwana, mitsempha ija ikadali kumangidwa, pamene woyamba mimba itapyola masabata 20 amapeza mbali yaikulu ya ntchitoyo itatha kale.